“Muzichita masewera olimbitsa thupi”: zimene ophunzira za umoyo amaphunzira kuti mawu amenewa asanduke zochita

Tiyerekeze mayi a zaka 52 okhala ku Ndirande, amene amagulitsa nsalu mumsika wa Limbe, ndipo lero ku chipatala cha Gulupu auzidwa kuti ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Adokotala awalembera mankhwala, awauza kuti achepetse mchere m'ndiwo, kenaka pomaliza, wodwala wina ataima kale pakhomo, awonjezera kuti, “Mayi, muzichitanso masewera olimbitsa thupi.” Mayiwa avomera ndi mtima wonse, pakuti sakufuna kudzafa ziwalo monga anachitira achemwali awo. Koma titawafunsa pakatha miyezi itatu tipeza kuti mankhwala akumwa, mchere achepetsako, pamene za masewera zija sanaziyambe n'komwe. Mayiwa si osamva, ndipo zimene anauzidwa anazimvetsa bwino lomwe. Pakati pa kumva ndi kuchita pali mtunda wautali, ndipo mtunda umenewu ndi umene amausanthula ophunzira a ku yunivesite amene amatenga maphunziro a kulimbikitsa umoyo wabwino ndi kusintha khalidwe la anthu.

Ena akamva kuti pali maphunziro otere amadabwa, poganiza kuti kulimbikitsa umoyo n'kukhoma mapepala a uthenga pakhoma la chipatala kapena kuimika galimoto ya zimkuzamawu pamsika. Ntchito imeneyo ilipo ndithu, koma ndi kagawo kochepa chabe. Kuno ku Blantyre, sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba mu 2021 pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinachoka pansi pa University of Malawi n'kukhala sukulu imodzi, imaphunzitsa madokotala, anamwino, akatswiri a mafizo ndi akatswiri a za umoyo wa anthu m'madera, ndipo ku MUBAS, kumene ambiri tikukutchulabe kuti ku Poly, kumatuluka akatswiri oona za ukhondo ndi umoyo wa m'malo okhala anthu. Onsewa akayamba ntchito amakumana ndi mayi onga a ku Ndirande aja, ndipo funso limene limawadikira ndi limodzi: n'chiyani chimachititsa munthu kuyamba chinthu chimene akudziwa kale kuti n'chabwino, n'kupitiriza kuchichita ngakhale mvula ikugwa, ndalama zasowa, kapena pamudzi pagwa zovuta? Kuti ayankhe, wophunzira amafunika kudziwa mmene thupi limagwirira ntchito, mmene matenda amawerengedwera pakati pa anthu ambiri, mmene maganizo a munthu amayendera, chikhalidwe cha anthu, ngakhalenso kamangidwe ka mizinda.

Maziko a phunziroli anaikidwa mu Novembala 1986 mumzinda wa Ottawa ku Canada, pa msonkhano woyamba wa mayiko wokambirana za kulimbikitsa umoyo, umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linathandiza kukonza. Chikalata chimene chinatuluka kumeneko chinafotokoza kuti kulimbikitsa umoyo ndiko kuthandiza anthu kuti akhale ndi mphamvu pa zinthu zimene zimakhudza umoyo wawo. Kuphunzitsa munthu payekha chinakutchula monga gawo limodzi lokha mwa magawo asanu, ndipo enawo ndi malamulo ndi ndondomeko za boma, malo amene anthu amakhala ndi kugwirako ntchito, kugwirira pamodzi kwa anthu a m'dera, komanso kusintha zipatala kuti zisamangodikira munthu wadwala kale. Wophunzira akagwira mfundo imeneyi amaleka kufunsa kuti mayiwa ali ndi vuto lanji, n'kuyamba kufunsa kuti n'chiyani chawazinga.

Kuti kugwiritsa ntchito thupi kumateteza ku matenda si nkhani yongoganizira. Mu 1953 dokotala wina wa ku Britain, Jeremy Morris, anasindikiza zimene anapeza pa anthu ogwira ntchito m'mabasi a nsanjika a ku London. Madalaivala ankakhala pansi tsiku lonse, pamene makondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe potolera ndalama, ndipo ngakhale onse ankagwira ntchito m'basi imodzi, matenda a mtima ankagwira madalaivala kwambiri kuposa makondakitala. Anapezanso zofanana poyerekeza onyamula makalata ndi anzawo okhala m'maofesi a positi. Lero tikudziwa chifukwa chake. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi n'kumugwiritsa ntchito, ndipo kwa maola ambiri pambuyo pake thupi limamvera bwino insulin, chinthu chimene thupi limapanga chothandiza kuti shuga achoke m'magazi n'kulowa m'minofu. Mitsempha ya magazi imafewa n'kumatanuka bwino, kotero kuti mwa anthu amene magazi awo amathamanga, kuyenda mwachangu kawirikawiri kumatsitsa ndi 5 mpaka 8 nambala yapamwamba mwa ziwiri zimene makina oyezera kuthamanga kwa magazi amaonetsa. Mu 2002 kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program anaonetsa kuti mwa anthu amene anali pafupi kudwala shuga, amene anathandizidwa kusintha kadyedwe, kuchepetsa thupi pang'ono ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata anachepetsa chiopsezo chawo ndi 58 pa 100, pamene amene anapatsidwa mankhwala a shuga otchedwa metformin anachepetsa ndi 31 pa 100.

Malangizo a WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata pa mlingo wapakatikati, kapena mphindi 75 mpaka 150 pa mlingo wamphamvu, ndipo masiku awiri pa sabata azichita zolimbitsa minofu. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika mphindi 60 pa tsiku, ndipo okalamba amafunikanso zowathandiza kuti asamadzandire n'kugwa. Mlingo wapakatikati ndi umene munthu amapuma mofulumirako koma n'kumathabe kulankhula, ngakhale sangathe kuimba nyimbo bwinobwino. Nambala yotchuka ija ya masitepe 10,000 pa tsiku sinachokere m'malangizo amenewa. Inachokera pa dzina la kachipangizo kowerengera masitepe kamene kanayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1965, ndipo kafukufuku waonetsa kuti phindu limayamba munthu asanafike pa nambala imeneyo.

Apa ndi pamene wophunzira wa ku Blantyre ayenera kutsegula maso, pakuti mabuku ambiri amene amawerenga analembedwa poganizira mayiko amene vuto lawo ndi losiyana ndi lathu. WHO inapeza kuti mu 2022 anthu akuluakulu 31 mwa 100 alionse padziko lapansi, amene ndi anthu pafupifupi 1.8 biliyoni, sankafika pa mlingo woyenera uja. Koma kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64 anapeza kuti osagwiritsa ntchito thupi mokwanira anali pafupifupi munthu mmodzi yekha mwa 10, ngakhale kuti munthu mmodzi mwa atatu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ndipo oposa 5 mwa 100 anali ndi shuga wokwera. Amalawi ambiri si anthu ongokhala. Aliyense amene anaonapo mzere wa anthu otsika ku Ndirande m'mamawa kupita ku mafakitale a ku Makata, kapena ochokera ku Bangwe kulowera ku Limbe wapansi, akudziwa zimenezi. Kulima, kutunga madzi, kusenza nkhuni, kukwera zitunda za ku Chilomoni ndi Soche ndi katundu pamutu, zonsezi thupi limaziwerengera.

Vuto lathu n'lakuti kuyenda kumeneku n'kokakamizidwa ndi umphawi, ndipo munthu amakusiya tsiku lomwe wapeza kangachepe. Akayamba kulandira bwino amakwera minibasi, pamtunda umene ankayenda mphindi 15 amaitana kabaza wa njinga yamoto, madzi akafika pakhomo chidebe chimatsika pamutu, ndipo kadyedwe nakonso kamasintha nthawi yomweyo, mafuta ophikira, shuga ndi zakumwa zotsekemera n'kuchuluka. Palibe amene angaletse munthu kusangalala kuti wasiya kutunga madzi kutali, ndipo sindikufuna kuti wina amve ngati ndikuyamikira mavuto. Koma thupi limene linkatha mphamvu zambiri tsiku lililonse likaleka mwadzidzidzi, popanda china cholowa m'malo, zotsatira zake zimaoneka pa sikelo ndi pa makina oyezera magazi. Kafukufuku wa bungwe lofufuza za matenda la MEIRU, amene anayerekeza anthu a kumudzi ku Karonga ndi a ku Area 25 ku Lilongwe n'kusindikizidwa mu 2018, anapeza kuti amayi 44 mwa 100 a m'tauni anali onenepa kupitirira muyezo, poyerekeza ndi 27 mwa 100 a kumudzi, pamene mwa abambo anali 18 m'tauni ndi 9 kumudzi. Choncho ntchito yaikulu kuno ndi kuteteza kuyenda kumene kulipo kale kuti kusathe, ndi kukusandutsa chinthu chimene munthu angasankhe yekha mosachita manyazi.

Palinso mfundo ina yovuta imene ofufuza a ku Denmark, monga Andreas Holtermann, akhala akuifotokoza, yakuti ntchito yolemetsa ya maola ambiri sipereka phindu lofanana ndi kulimbitsa thupi kwa nthawi yopuma. Munthu wosenza matumba a simenti tsiku lonse mtima wake umagunda mokwera kwa maola ambiri opanda mpumulo wokwanira, ndipo zimenezi zimasiyana ndi kuyenda mwachangu kwa mphindi 30 n'kupuma. Kumuuza munthu wotero kuti akaweruka azikathamanga n'kusamumvetsa. Iye chimene akufuna ndi mpumulo, chakudya chokwanira ndi kuyezedwa magazi. Mayi athu a nsalu aja ndi osiyana naye, pakuti amakhala pampando kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka madzulo, ngakhale kuti akafika kunyumba amakhala atatopa zedi.

Ndimaona kuti mawu enieniwo akuti “masewera olimbitsa thupi” ndi gawo la vutoli. Masewera kwathu ndi za ana ndi achinyamata, za fulaye, phada, jingo ndi mpira. Mayi a zaka 52, apongozi a anthu, mtsogoleri wa amayi kumpingo, akamva mawu amenewa amaona m'maganizo mwawo anyamata ovala makabudula akuthamanga m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, kapena anthu olipira ndalama ku jimu, ndipo nthawi yomweyo amadziwa kuti zimenezo si zawo. Vuto lomweli limalowa m'kafukufuku. Wophunzira akatenga mafunso a WHO otchedwa GPAQ, amene amafunsa padera za kuntchito, za paulendo ndi za nthawi yopuma, n'kuwamasulira mosasamala, adzamva munthu woyenda makilomita 8 pa tsiku akunena kuti sachita chilichonse. Kwina zimatembenuka: anthu amachulukitsa zimene amachita pofuna kukondweretsa wofunsa. Ku America, atawaveka anthu tizipangizo toyeza kugwedezeka kwa thupi, zotsatira za mu 2008 zinaonetsa kuti akuluakulu osafika 5 mwa 100 ndi amene ankafikadi pa mlingo wa mphindi 30 pa tsiku, chiwerengero chotsika kwambiri poyerekeza ndi zimene anthu ankanena pakamwa. N'chifukwa chake kuyeza ndi phunziro palokha.

Pa kusintha khalidwe penipenipo, ophunzira amadutsa m'ziphunzitso zingapo, ndipo chilichonse chinabadwa poyankha kulephera kwa chinzake. Chakale kwambiri ndi Health Belief Model, chimene akatswiri a za maganizo a ku America anakonza m'zaka za m'ma 1950 pofuna kumvetsa chifukwa chimene anthu sankabwerera kudzajambulitsa m'chifuwa kwaulere poyeza TB. Chimati munthu amachita kanthu akaona kuti matendawo angamugwire, kuti ndi oopsa, ndiponso kuti phindu la kuchitapo kanthu likuposa zopinga. Chimathandiza pa zinthu zochita kamodzi, monga kubayitsa katemera, koma pa chinthu chochita tsiku ndi tsiku mantha okha sakwanira. Mayi aja mantha ali nawo kale, pakuti anasamalira achemwali awo atafa ziwalo, koma mantha sawauza nthawi yoyendera kapena njira yodzera.

Mu 1977 katswiri wa za maganizo Albert Bandura anawonjezera mfundo imene yakhala yamphamvu kwambiri pa nkhani imeneyi, yakuti munthu amayamba ndi kupirira pa chinthu ngati akukhulupirira kuti iye mwini angachithe. Chikhulupiriro chimenechi chimakula kwambiri munthu akayesa kanthu kakang'ono n'kukatha, ndiponso akaona mnzake wofanana naye akuchita. Mawu olimbikitsa amathandiza, koma mphamvu yake ndi yocheperapo. Tanthauzo lake pantchito n'lakuti chithunzi cha katswiri wothamanga pa chikwangwani sichingawasunthe mayi a nsalu, koma mnzawo wa pabenchi yoyandikana, wa msinkhu ndi thupi longa lawo, amene wayamba kuyenda ndipo nambala zake zatsika, angawasunthe. Ndiponso kuwayambitsa ndi mphindi 10 zimene angazithe kuli bwino kuposa kuwatchulira 150 zimene zingawagwetse ulesi tsiku loyamba. James Prochaska ndi Carlo DiClemente, pofufuza anthu osiya fodya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anaonetsa kuti anthu sakhala pamalo amodzi: ena sanaganizeko n'komwe, ena akulingalira, ena akukonzekera, ena ayamba, ena akulimbana ndi kusabwerera m'mbuyo. Akatswiri amatsutsana ngati magawo amenewa ndi olekanadi chonchi, koma phunziro lake lakuti uthenga umodzi sungakwanire onse ndi loona.

Chimene chimadabwitsa ophunzira ambiri n'chakuti ngakhale kutsimikiza mtima sikukwanira. Pophatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana, ofufuza anapeza kuti pafupifupi theka la anthu amene amati atsimikiza kuyamba kulimbitsa thupi sayamba. Katswiri wa za maganizo Peter Gollwitzer anaonetsa kuti mpata umenewu umachepa munthu akamangirira cholinga chake ku nthawi, malo ndi chochitika chodziwika. “Ndiziyenda kwambiri” ndi chikhumbo chabe, koma “Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndikamachokera ku Limbe ndizitsika siteji ziwiri ndisanafike pamene ndimatsikira” ndi pangano limene minibasi yomwe imamukumbutsa munthu. Chizolowezi chimamera mwa kubwereza pamalo omwewo, ndipo sichifulumira. Kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake ku London, wa mu 2010, anapeza kuti munthu wapakatikati zinkamutengera masiku 66 kuti khalidwe latsopano lizichitika lokha, ena masiku 18 okha, ena mpaka 254, ndipo kuphonya tsiku limodzi sikunkaononga kanthu. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kuwauza anthu poyambirira, chifukwa ambiri akaphonya sabata imodzi chifukwa cha maliro kapena matenda amaona ngati zonse zagwa.

Mu 2011 Susan Michie ndi anzake anasonkhanitsa zambiri mwa mfundozi m'njira yosavuta kuigwira imene imatchedwa COM-B. Imati kuti khalidwe lichitike pafunika zinthu zitatu pamodzi: kuthekera kwa munthuyo m'thupi ndi m'nzeru, mpata umene malo ndi anthu omuzungulira amamupatsa, ndi chifuno cha mumtima. Ubwino wake ndi wakuti imamukakamiza wophunzira kufufuza kaye chimene chikusowa asanalembe mankhwala, monga momwe dokotala sapereka mankhwala a malungo asanayeze magazi. Tikawayeza mayi aja ndi muyezo umenewu, chifuno ali nacho. Kuthekera kulipo pang'ono, koma bondo limawawawa ndipo akuopa kuti mtima ukagunda kwambiri magazi akwera n'kugwa, mantha amene palibe anawafunsa. Chimene chikusowa kwambiri ndi mpata. Amachoka pakhomo kusanache bwino, amabwerera kukuda, njira ya kwawo ilibe magetsi ndipo madzulo si yabwino kwa mayi woyenda yekha ndi ndalama za malonda, ndipo pakhomo pakuwadikira mphika. Kuwapatsa pepala lina lofotokoza ubwino wa kulimbitsa thupi kuli ngati kuthira madzi mumtsuko wodzaza kale, pamene wopanda kanthu uli pambali.

Mpata si wa misewu ndi nthawi yokha, ulinso m'maso ndi m'kamwa mwa anthu. Kwathu kumuuza munthu kuti “mwanenepatu” n'kumuyamikira, ndipo mayi akanenepa pabanja anthu amati bambo akusamala. Zaka zimene Edzi inatha anthu mankhwala asanafale zinasiya chipsera china: kuonda kunasanduka chizindikiro chimene anthu amanong'onezana, moti mpaka lero munthu akatsika thupi amafunsidwa ngati ali bwino. Kuyenda wapansi nakonso kumaoneka ngati umboni wa kusowa, kotero kuti bwana akasiya galimoto n'kuyenda, odziwana naye amaima kuti amutenge, poganiza kuti yaonongeka. Wophunzira amene sakuzidziwa izi adzakonza uthenga wolonjeza kuonda, osazindikira kuti akulonjeza chinthu chimene omverawo akuchiopa. Uthenga wonena za mphamvu, tulo tabwino, kupepuka kwa thupi, kutsika kwa nambala za magazi ndi kukhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulu zikukula umafika pamtima mosavuta. Koma izi sizidziwika munthu ali mu laibulale, n'chifukwa chake ophunzira amaphunzitsidwa kukhala pansi ndi magulu a anthu, kufunsa mafunso osatsekera yankho, ndi kumvetsera nthawi yaitali kuposa imene akulankhula.

Pa chifuno cha mumtima, akatswiri a za maganizo Edward Deci ndi Richard Ryan anasiyanitsa chimene munthu amachita chifukwa wauzidwa kapena akuopa, ndi chimene amachita chifukwa akuchikonda kapena chikugwirizana ndi zimene amaziona kuti n'zofunika. Choyambacho chimatha msanga woyang'anira akachoka. Chachiwiricho chimalimba pamene munthu wasankha yekha, akuona kuti akuchitha, ndipo ali ndi anzake. Apa Blantyre ndi wolemera kuposa mmene timaganizira. Amayi amene sangavale zothamangira amavina kwa ola lathunthu pa chinkhoswe, pa kwaya kapena pa msonkhano wa amayi kumpingo, thukuta lili kamukamu, popanda wowaseka. Magulu a banki mkhonde amakumana sabata iliyonse ndipo ali kale ndi malamulo, atsogoleri ndi kukhulupirirana. Mpira wamanja ndi masewera amene mayi wa msinkhu uliwonse amawanyadira chifukwa cha ma Queens. Achinyamata ndi ogwira ntchito m'maofesi ayamba kukwera mapiri a Michiru, Soche ndi Ndirande Loweruka m'magulu. Kumanga pa zimene zilipo kale n'kotchipa ndiponso kokhalitsa kuposa kuyambitsa kalabu yatsopano imene idzafe ndalama za polojekiti zikatha.

Komabe ngakhale titathandiza mayi mmodzimmodzi mwaluso chotani, sitingawafikire onse. Geoffrey Rose, katswiri wa ku Britain, anafotokoza mu 1985 kuti odwala ambiri amachokera m'khamu lalikulu la anthu amene chiopsezo chawo n'chapakatikati, osati mwa ochepa amene chiopsezo chawo n'chachikulu, kotero kuti kusuntha anthu onse pang'ono kumapulumutsa ambiri kuposa kusintha ochepa kwambiri. Pa nkhani yathuyi, zimenezi zikutanthauza njira za oyenda pansi zimene sizithera m'ngalande, magetsi a mumsewu, malo owolokera otetezeka, ndi mabwalo a masewera amene sasanduka mapuloti. Zikutanthauzanso sukulu, kumene m'mapulayimale maphunziro olimbitsa thupi ali mkati mwa phunziro la Expressive Arts ndipo savuta kukankhidwira pambali mayeso akayandikira. Mzinda wa Bogotá ku Colombia unayamba m'zaka za m'ma 1970 kutseka misewu ina Lamlungu kuti anthu ayende ndi kupalasa njinga, ndipo mwambowu ukupitirira mpaka lero. Mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana mu 2018 kuti pofika 2030 achepetse kusagwiritsa ntchito thupi ndi 15 pa 100, ndipo mbali yaikulu ya ndondomekoyo ikukamba za malo ndi malamulo. N'chifukwa chake wophunzira za umoyo amayenera kudziwanso kulankhula ndi khonsolo ya mzinda, mainjiniya a misewu, aphunzitsi aakulu ndi mafumu a m'matauni, anthu amene sadziona ngati ogwira ntchito za umoyo koma zosankha zawo zimalamula ngati mayi angayende madzulo kapena ayi.

Gawo limene ndimalilemekeza kwambiri m'maphunzirowa ndi la kuunika ngati ntchito yaphuladi kanthu. N'zosavuta kukonza tsiku la masewera pabwalo, kubweretsa zoimbira, kugawa malaya, kujambula zithunzi, n'kulemba lipoti lakuti kunabwera anthu mazanamazana. Koma chiwerengero cha obwera sichinena ngati wina wasintha. Wophunzira amaphunzitsidwa kuyeza anthu ntchito isanayambe, kuwayerekeza ndi gulu lina lofanana nalo limene silinalandire chithandizocho, ndi kubwereranso pakatha miyezi 6 kapena 12, chifukwa pafupifupi ntchito iliyonse imaoneka yopambana m'masabata oyamba. Amaphunzitsidwanso kufunsa kuti anabwerawo ndani. Kawirikawiri amene amathamangira mwayi wotere ndi amene anali kale ndi nthawi, nsapato ndi thanzi, ndipo ntchito yokonzedwa ndi mtima wabwino ingathe kukulitsa kusiyana pakati pa a ku Namiwawa ndi a ku Mbayani. Anthu olumala, okalamba ndi amayi oyembekezera, amene malangizo a WHO a mu 2020 amawatchula mwapadera, ndi amene amaiwalika msanga.

Tibwerere kuchipatala kuja, koma tsopano mayiwa akumana ndi namwino kapena wa mafizo amene anadutsa m'maphunzirowa ndipo anaphunzira kafunsidwe kamene William Miller anayambitsa mu 1983 pothandiza anthu ovutika ndi mowa, kamene cholinga chake n'chakuti zifukwa zosinthira zituluke m'kamwa mwa mwini wake. Iye sayamba ndi kulangiza. Amafunsa kuti, “Amayi, tandifotokozerani mmene tsiku lanu limayendera kuyambira pamene mwadzuka.” Akamva za bondo amaliona, ndipo akamva za mantha aja amafotokoza kuti mtima kugunda mofulumirako poyenda si choopsa, kuti mankhwala apitirize kumwa, koma akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika aime n'kubwera kuchipatala. Ngati nambala za magazi zakwera kwambiri tsikulo, amayamba wazitsitsa ndi mankhwala asanakambe za kuyenda mwachangu. Kenaka amafunsa kuti, “Pa zonse mwanenazi, ndi pati pamene mukuona kuti mphindi 10 zingalowe?” Mayiwa amaganiza, n'kunena kuti madzulo n'kosatheka, koma masana malonda amazizira, ndipo mnzawo wa pabenchi yoyandikana, amenenso ali ndi shuga, angamayende nawo kuzungulira kunja kwa msika pamene mtsikana wawo akuyang'anira nsalu. Amagwirizana masiku atatu pa sabata, nthawi ikangokwana 2 koloko, ndipo mvula ikagwa aziyenda m'khonde la mashopu. Namwino amalemba panganolo m'buku la kuchipatala la mayiwa, pansi pa nambala za magazi za tsikulo, amatumiza uthenga kwa mlangizi wa zaumoyo wa kudera lawo, ndipo amawapatsa tsiku lobweranso pakatha masabata anayi, pamene funso loyamba lidzakhale lakuti ndi masiku angati amene zinatheka, ndipo pa masiku amene zinakanika chinalepheretsa n'chiyani.